Galimoto Yotuluka Thukuta

Zaka makumi atatu ndi ziwiri za m'chipatala zinawasiyira Anesi zinthu ziwiri: bondo lotupa ndi mtima wosakhulupirira chinthu choyera mopitirira muyezo. Wodwala akabwera atasamba bwinobwino, atadzolanso mafuta onunkhira, iwo ankayamba kufunafuna pamene pabisika chilonda. Ndiye tsiku limene mkamwini wawo anatsegula boneti ya galimoto imene ankafuna kuwagulitsa, n'kuwaonetsa injini yong'anima ngati mbale za alendo, mtima wawo sunakondwe ngakhale pang'ono.

Galimotoyo inali chigalimoto ndithu, chakuda, cha miyendo italiitali, zija amakwera mabwana akamapita kukatsegulira milatho. Mipando yake inali yachikopa, ndipo chitseko chikamatsekeka sichinkasokosa, chinkangoti phi, mwaulemu. Mkamwiniyo anaigula itayendapo kale, kwa munthu amenenso anaigula itayendapo. Anesi ankaisirira kuyambira kalekale, zimenezo sangakane. Penshoni itatuluka anangonena mocheza kuti akufuna galimoto yotha kufika kumunda kwawo, kumene msewu wake uli maenje okhaokha, poti bondo linali litakana za minibasi. Sipanathe sabata, mkamwini anatulukira.

"Mukavutikirenji kwa anthu osawadziwa, amayi? Tengani yathuyi. Ife tikufuna kaing'ono koyendera m'tauni."

Tsopano anali ataima pabwalo pa nyumba ya anawo, akuyang'ana injini ija, thumba lawo lili m'khwapa.

"Mwaisambitsa liti?" anafunsa Anesi.

"Dzulo, amayi. Munthu sungaonetse apongozi chinthu chafumbi."

"Mwasambitsa injini yokha? Matayala ali ndi matope awa."

Mkamwini anaseka, koma kuseka kwake kunatalika kuposa nthabwalayo. Anali munthu wogulitsa inshuwalansi, wa mawu okoma, woti akakuuza kuti nyumba yako ipsa mawa umamuthokoza. Anesi sankamuda ayi, koma sankamumeza wathunthu.

Anayang'ana pansi. Galimoto inali itaimikidwa pa udzu. Malo ake a masiku onse, pasimenti pafupi ndi khomo la kukhitchini, panali patayalidwa chiguduli chakale, ndipo pachigudulipo panakhala miphika itatu ya maluwa. Maluwa okhala pachiguduli Anesi anali asanawaonepo. Anakankha m'mphepete mwa chigudulicho ndi nsapato, n'kuona banga lakuda likusuzumira.

"Imadontha oyilo?"

"Kudontha ayi, amayi. Imangotuluka thukuta. Magalimoto akuluakuluwa onse amatero. Kathukuta chabe."

Thukuta. Anesi analitembenuza liwulo m'kamwa. Iwo thukuta ankalidziwa, ndipo ankadziwanso anthu amene amafika kuchipatala atanyowetsa nsalu ziwiri ndi magazi koma n'kumati ndi kachilonda kakang'ono. Kutaya penshoni ankaopa, inde. Koma chimene chinkawadya moyo kwambiri chinali china: kuti mwina mzime wawo, mwana wamkazi mmodzi yekhayo amene anali naye, amagona m'nyumba imodzi ndi munthu wotha kubera apongozi ake maso ali gwa. Ngati zinali choncho, iwo ankafuna adziwe, ndipo mwanayo adzionere yekha.

"Ndikufuna amakaniko anga aione," anatero.

Mkamwini anayang'ana wotchi, n'kunena kuti ali ndi msonkhano. Anayamba kutchula makaniko wake wina amene amaidziwa bwino galimotoyo, koma Anesi anangomuyang'ana mpaka mawu anamuthera. Pamapeto pake anapereka makiyi kwa mkazi wake, amene nthawi yonseyi anali ataima pakhomo akupukuta kapu imodzi yomweyo.

Mzime ndiye anayendetsa. M'njira galimoto inkayenda mofewa, maenje osamveka, mphepo yozizira ikutuluka m'timabowo. Anesi anapezeka kuti akusisita chikopa cha mpando, ndipo anachita manyazi n'kuchotsa dzanja.

"Amuna ako zinthu zikuwayendera kuntchito?"

"Zikuyenda, amayi."

"Nanga n'chifukwa chiyani akuthamangira kugulitsa?"

"Imamwa mafuta kwambiri."

Mayankho afupiafupi, maso ali pamsewu. Anesi anamumvera chisoni mwana wawo. Anaganiza kuti ndi mmene amayankhira mkazi amene akuphimba manyazi a mwamuna wake.

Galaja inali kuseri kwa malo ogulitsira matabwa, pansi pake pakuda bii ndi oyilo wa zaka zambiri. Amakaniko anali bambo wachikulire wosowa mano awiri akutsogolo, amene Anesi anawasokapo chala kalekale, ndipo kuyambira pamenepo sankawanamiza. Ataiona galimoto ikulowa anaimba kaluzu.

"Anesi, mwapata chuma chanji? Izitu si galimoto, ndi mkazi wachiwiri."

"Akuti imatuluka thukuta."

"Onse amatero. Sindinamvepo wogulitsa akuti yanga imakodza."

Anaiimika pamwamba pa dzenje lokonzera. Mzime anakakhala pabenchi pafupi ndi chipata n'kuweramira foni yake. Amakaniko anasolola ndodo yoyezera oyilo, kuipukuta, kuibwezera, kuisololanso. Anatikita oyiloyo pakati pa zala ziwiri n'kuzilekanitsa pang'onopang'ono. Oyilo anatamuka ngati uchi.

"Uyu si oyilo wake," anatero. "Athiramo wolemera kuti azituluka mwaulesi. Ndi nzeru yakale imeneyi."

"Ndiye ikudontha?"

"Dikirani. Pansi pake pandidabwitsa. Mwayenda mtunda wonsewu, injini yatentha, koma palibe ndi dontho limodzi lomwe. Galimoto ya zaka zimenezi kuuma chonchi, ndiye kuti kapena ndi ya mngelo kapena wina waiphunzitsa ulemu."

Anatsikira m'dzenje ndi tochi. Kunsi kwa injini kunali chophimba chachikulu chapulasitiki, chomangidwa ndi mabawuti. Anesi anamva sipanala ikulira, kenako chete, kenako kuseka kwapansipansi. Amakaniko anatulutsa chophimbacho atachinyamula ndi manja awiri ngati thireyi, n'kuchiika pansi pamaso pa Anesi.

Mkati mwake munali matewera atatu, aja otaya a ana, oyalidwa mosanjikiza, akuda ndi olemera ndi oyilo.

"Ndaonapo masiponji, ndaonapo zisanza," anatero amakaniko, "koma uyu ndiye waiveka thewera ndithu. Ikuchokera apa, Anesi, pamphira ya kumbuyo kwa injini, pamene imakumana ndi giyabokosi. Kamphira kake n'kotchipa, koma kuti ukafikire uyenera kutsitsa giyabokosi yonse. Pamwambanso gasiketi yayamba. Ndipo amenewa akakalamba, ukatseka apa amatsegula apo. Tsiku lina mudzaiwala kuthira oyilo muli kumunda kwanuko, injini n'kugwirana, basi yatha."

Anesi sanamve theka la mawuwo. Mkwiyo unali utawakwera kale mpaka m'makutu, ndipo anali atakonza chonena kwa mkamwini uja, mawu ndi mawu. Anawerama, bondo likudandaula, kuti aone bwino umboni wawo. Apo m'pamene anaona pulasitala.

Matewerawo sanangoponyedwamo. Anamatidwa ndi pulasitala wa m'chipatala, timizere todulidwa mofanana, ndipo kumapeto kwa kamzere kalikonse kunali kopindidwa pang'ono, kakhutu. Anesi ankakadziwa kakhutu kameneko ngati dzanja lawo lomwe. Namwino wabwino akamamata bandeji amapinda nsonga ya pulasitala kuti wodzasintha mawa asavutike kukanda ndi zikhadabo. Anaphunzitsa zimenezi ana asukulu ya unamwino osawerengeka. Kunja kwa chipatala anaphunzitsa munthu mmodzi yekha, m'miyezi ija awiriwo ankasinthana kumanga zilonda za malemu bambo a m'nyumba. Mkamwini wawo, munthu wolephera ngakhale kumata envelopu mowongoka, sakanapinda kakhutu.

"Munthu angafike bwanji umu osamasula zonsezi?" anafunsa, mawu atatsika.

Amakaniko analoza kachitseko kakang'ono pakati pa chophimbacho, kotsegula pokhetsa oyilo. "Apa. Koma langali silingalowe. Pamafunika dzanja laling'ono."

Atatero anayang'ana Anesi, n'kuyang'ana kubenchi, ndipo mwadzidzidzi anakumbukira kuti ali ndi mawu ndi anthu a matabwa aja.

"Tabwera kuno," anaitana Anesi.

Mzime anabwera, foni ili m'manja. Anayang'ana matewerawo kamodzi kokha.

"Ndi amuna ako anakutuma?"

Anesi ankafuna ayankhe kuti inde. Akanangoti inde, iwo akanamukhulupirira, ngakhale kakhutu kanali pomwepo. Koma mwanayo anapukusa mutu.

"Iwo anangotsuka injini ndi kusintha oyilo. Izi sakuzidziwa n'komwe."

"Ndiye ndi nzeru zako."

"Amayi, galimotoyi yatimaliza. Ntchito yawo inatha mwezi wachitatu uno, amangovala taye n'kumapita kukakhala kwa anzawo. Anthu anayi abwera kudzaiona, onse akangosuzumira pansi amapita osatsanzika."

"Ndiye munati tipeze chitsiru cha pachibale."

"Si choncho."

"Nanga ndi chiyani? Pakamwa unalibe poti n'kundipempha?"

Mzime analankhula mofulumira, ngati munthu amene anaziyeseza kale mumtima. "Wina aliyense akanaibweza, mwinanso akanatitengera kupolisi. Inu simukanatero. Ndiponso sindikanakusiyani nayo nokha, amayi. Ndikanamabwera Loweruka lililonse, kudzasintha matewera ndi kuwonjezera oyilo inu muli m'nyumba. Simukanadziwa. Ikanayenda bwinobwino mpaka ife titapeza pogwira, kenako tikanaikonzetsa."

Anesi anayang'ananso timakutu tija. N'zoona, kakhutu amapinda munthu amene akudziwa kuti adzabweranso.

"Loweruka lililonse," anatero.

"Inde."

"Chimwalirireni bambo ako ndakhala ndikukupempha kuti uzibwera kudzandiona. Umati ana, umati ntchito, umati mafuta adula. Lero wapeza nthawi ya Loweruka lililonse chifukwa cha thewera la galimoto?"

Mwanayo anayamba kulira, mosatulutsa mawu, misozi ikugwera pafoni. Anesi zinawapweteka, koma chimene chinawachititsa manyazi kwambiri n'chakuti kwa kanthawi ndithu mtima wawo unawerengera. Unati gula, ndi ndalama chabe izi, uzimva chipata chikutseguka Loweruka lililonse, uzinamizira kuti sukuona mwana akukwawira pansi pa galimoto. Anaima pomwepo, mayi wa imvi zake, akulakalaka kuberedwa. Zinawanyansa.

Amakaniko anabwerera akutsokomola dala kuti amveke.

"Bwezeretsani chophimbacho," anatero Anesi. "Matewerawo tayani."

"Izidonthatu msewu wonse."

"Izidontha. Wogula aziona chimene akugula."

Ntchitoyo sinatenge nthawi. Mzime analandira makiyi ndi manja awiri, osakweza maso, n'kukatsegula chitseko cha kutsogolo.

"Kwerani ndikakutuleni, amayi. Bondo lanulo."

"Bondo langa lazolowera."

Anakoleka thumba paphewa n'kuyamba kulowera kuchipata, akutsimphina. Ankadziwa kuti akangotembenuka n'kuona nkhope ija agonja, choncho analankhula atapereka msana.

"Loweruka ubwere. Ubwere wapansi, chimanjamanja. Ndikakhala ndili pakhomo tsiku lonse."

Anadikira pang'ono pachipatapo kuti amve yankho. Kumbuyo kwawo chitseko cha galimoto chinatsekeka, injini inalira, koma mwanayo sananene kuti inde kapena ayi.