Mzere wa pansi pa mtengo wa mango

Greyson Mbewe anafika mochedwa pabwalo la sukulu ku Mlonyeni, anthu atayamba kale kusankha khansala. Kutsogolo kunaima amuna awiri amene chipani chinatumiza kuchokera ku boma, onse a masuti, ndipo lamulo linali loti aliyense akaime kumbuyo kwa amene wamukonda. Greyson anangoima pambali, pansi pa mtengo wa mango, atagwira njinga yake.

Kenaka anacheuka. Kumbuyo kwake kunali mzere wautali mpaka kuchitsime.

"Mayi Rozi, mukutani kodi?" ananong'oneza kwa mzamba wa m'mudzimo, amene anali woyamba pamzerepo. "Ine sindikupikisana nawo."

"Mlatho wa pa dambo anatimangitsa ndani? Si inu?" anatero Rozi. "Awo a masutiwo matope athu sanawapondepo. Khansala ndi wa zitsime ndi misewu. Chipani chikulowapo bwanji?"

"Tsitsani mawu, mundiphetsa!"

Tcheyamani wa chipani anabwera pang'onopang'ono, anyamata a yufi awiri ali pambuyo pake.

"A Mbewe, dzina lanu silinachokere ku boma. Ndiye mukuimira chipani chiti? Tiuzeni, mwina kwabadwa china ife osadziwa."

Masiku amenewo chipani chololedwa chinali chimodzi chokha. Funso limenelo linali litapititsapo anthu kundende, ena osabwerako. Greyson anali ndi ana asanu, ndipo fodya wake anali asanathyole. Anaufuna ukhansalawo, inde, ndipo akanaugwira bwino. Koma mantha anamukulira.

"Ndimangopuma pamthunzi, bwana," anayankha.

"Mthunzi wanu ndi wokoma, mpaka mudzi wonse! Mutu ukakula sulewa nkhonya, a Mbewe."

Greyson anakankha njinga yake nakaima kumbuyo kwa wa suti yotuwa, munthu amene ngakhale dzina lake sankalidziwa. Mzere wonse unamutsatira mwakachetechete ngati ng'ombe zopita kudibi. Owerenga anawerenga mitu, tcheyamani anaomba m'manja, ndipo wa suti yotuwayo anathokoza anthu chifukwa chomukhulupirira.

Greyson anachita manyazi kwambiri moti sanathe kudzutsa nkhope. Anthu akubalalika, Rozi anamugwira mkono.

"Musadzizunze, bambo. Ana anu akufunani amoyo," anatero. "Koma mudziwe kuti ine ndinaima kumbuyo kwa inu. Amene anali kutsogolo kwanuyo sindinamuone n'komwe."