Mitengo ya Khola la Amalume

Nkhumba yaikazi ya Eluby inakana gaga m'mawa. Inangogona pakona ya khola ikupuma mobanika, makutu atafiira. Eluby anatuma uthenga kwa alangizi a ziweto, kenako anayamba kuzungulira kholalo ngati wataya chinthu.

Alangiziwo, a Geoffrey, anafika pa njinga dzuwa litakwera. Nkhumbayo sanaiyang'ane nthawi yaitali. Maso awo anali pa mitengo ya khola.

"Mayi, mitengoyi munaitenga kuti?"

"Abambo akunyumba anakaizula ku Ndunde, pa khola la malemu amalume awo. Mitengo yabwinobwino, ikanangodyedwa ndi chiswe."

"Nkhumba za amalumewo zinapita kuti?"

"Zinatha ndi chigodola. Koma papita zaka ziwiri, alangizi. Matenda angakhale mu mtengo zaka ziwiri?"

A Geoffrey anasolola mpeni n'kukanula mng'alu wa mtengo umodzi. Munagwa tizilombo taphwatalala, totuwa ngati dothi.

"Nkhufi izi. Kutchire zimakhala m'mauna a njiri, koma m'makola zimakhalanso. Zikayamwa nkhumba yodwala zimasunga chigodola, ndipo zimatha zaka osadya, zikudikira. Kuyambira lero pasatuluke nkhumba pano, ngakhale nyama yake."

Eluby anagwira mtengo wa khola, kenako anausiya msanga. Dzulo lomweli anali atapatsa mng'ono wake Margret ana awiri a nkhumbayo, kuti nayenso aone pogwira. Anawanyamula yekha m'dengu, n'kukawaika m'khola limodzi ndi nkhumba za apongozi a Margret.

Kutsidya kwa mtsinje, m'khola la apongozi a Margret lija, nkhumba zonse zisanu ndi zinayi zinkalirira chakudya, zamphamvu ndithu.