Mipando ya a Belita

Mu Okutobala dzuwa likafika pamutu, phiri la Michesi limaoneka ngati lanyamuka, likuyandama pamwamba pa minda youma ya ku Mkhumba. Mervis ankakonda kuliyang'ana akamachapa. M'maganizo ankadziona ali pa ulendo wa ku Boma kumsana kuli pululu, mwana wake Chikhulupiliro ali pa kabaza, mphepo ikumuuluzira deresi.

Koma Chikhu anali pomwepo pansi pa mango, m'beseni lalikulu lotsamiritsa ndi zitenje kuti asagwere chammbali. Zaka zisanu ndi ziwiri, miyendo yosaponda, khosi lofewa. Kuchipatala anati azibwera naye mwezi uliwonse kudzawongola miyendo, koma msana wa Mervis unali utayamba kukana.

Tsiku limenelo kunkabwera mlembi, wa aja amayenda khomo ndi khomo kulemba mabanja oyenera thandizo la boma. Dzina likalowa, ndalama ya kabaza izipezeka.

Ulendo wapitawo dzina silinalowe, ndipo Mervis ankadziwa chifukwa chake. A Belita, mayi ake aang'ono, atamva zoti kukubwera mlendo wa boma, anabweretsa mipando yawo iwiri yapulasitiki, katebulo ndi wailesi. Chikhu anamugoneka m'nyumba kuti malovu asanyanse mlendo. Atafunsidwa za moyo, onse anayankha mwaulemu kuti ali bwino. Mlembi anayang'ana mipando, anayang'ana wailesi, nathokoza n'kumapita.

Ndiye ulendo uno a Belita anatulukiranso, mipando ili pamutu.

"Bwererani nayo, mayi," anatero Mervis.

"Iwe, munthu wa boma akhale pansi ngati nkhuku? Ationa bwanji?"

"Ationa mmene tilili."

"Sitandade sikisi yomweyi ndiye ikupatse mwano?"

"Kalasi ya mwano sindinafikeko. Koma mipando yanuyi inandidyera zaka ziwiri."

A Belita anakaitula kuseri kwa khola la mbuzi, nakhalira umodzi, mlomo uli ndwii.

Mlembi anafika fumbi lili mbuu m'mapazi, foni yaikulu ili m'manja. Anali mtsikana wamsinkhu wa Mervis yemwe, dzina lake Aliness. Anakhala pamkeka.

"Muli bwanji kuno, mayi?"

Yankho lija linafika lokha pa lilime, losalala ngati mwala wa mumtsinje: tili bwino. Mervis analimeza. Anadzuka, nanyamula Chikhu m'beseni muja, namukhazika pamiyendo pa mlendo.

"Mayo ine!" anamveka a Belita kuseri kwa khola.

"Imani naye, achemwali," anatero Mervis. "Mungofika naye pa papaya apo."

Aliness anadzuka movutikira. Mutu wa Chikhu unagwera paphewa pake, malovu nanyowetsa bulauzi. Asanafike n'komwe pa papaya anali akupumira m'mwamba. Nthawi yomweyo akakowa anadutsa pamwamba, oyera mbee, kulowera ku madambo a mpunga. Chikhu anawatsatira ndi maso naseka, dzanja lake lofumbata likutambasuka pang'onopang'ono ngati nalo likufuna kupita.

"Mumafika naye kuti chonchi?" anafunsa Aliness.

"Ku Boma. Ndikanyamuka m'mamawa ndimafika dzuwa lili apa." Analoza pamutu.

Aliness anabwerera pamkeka. Mwanayo sanamubweze. Anamutsamiritsa pachifuwa, nayamba kulemba ndi dzanja limodzi.

"Dzina lake lonse ndani? Amadya yekha? Amatha kukhala osagwiriridwa?"

Mervis anayankha limodzilimodzi, osakometsa, osaonjezera. Pa funso lachitatu a Belita anasendera, mpando atausiya.

"Mulembenso kuti amakomoka kukatentha," anatero, maso ali pansi. "Ulendo uja sitinanene."

Mvula yoyamba itagwa, mayina anawerengedwa pabwalo la sukulu, ndipo la Mervis linamveka bwinobwino. Mwezi wotsatira anakwera kabaza, Chikhu ali pamiyendo, chitenje chitawamanga pamodzi. Michesi anali atatera pansi, wobiriwira, wosagwedezeka. Oyandama tsopano anali iwowo, ndipo Chikhu anatambasula dzanja kuti agwire mphepo.