Ngongole Yokhala ndi Nkhope

A Kalipentala anali munthu wobweza ngongole, ndipo amene anganene kuti anali kamberembere ndikhoza kukangana naye mpaka mawu kusasa. Vuto lawo linali limodzi: ankabweza kwa munthu amene akumuona ndi maso. Mwini matabwa akaima pakhomo la shedi yawo n'kutsokomola, iwo ankapukuta manja pa ovolosi n'kumukhuthulira zonse za m'thumba, ndi za basi zomwe. Mayi wa sitolo ya misomali ndi guluu akangowapatsa moni wautali, mawa lake ndalama yafika. Koma banki ndi ngongole ya pafoni, aaa, zimenezo zinkangotumiza mauthenga. Uthenga suima pakhomo, suchititsa munthu manyazi pamaso pa kasitomala. Ankauwerenga, n'kunena kuti "ameneyu adikire kaye," foni n'kubwerera m'thumba.

Ngongolezo sizinabwere ndi mowa kapena akazi, ayi. Kontirakitala wina wa mimba yake ndi galimoto yoyera anawapatsa oda ya zitseko ndi mafelemu a nyumba yonse yosanja. Iwo anakongola uku ndi uku kuti agule matabwa olimba, anacheka, anapala, anapaka vanishi mpaka zitseko zili waliwali. Lole inabwera kudzanyamula, ndipo kuyambira tsiku limenelo nambala ya bwana uja sinapezekenso. Galu ameneyo, kulikonse kumene ali, tulo tizimuthawa. Chichokereni apo a Kalipentala ankakongola kwa uyu kuti atseke pakamwa pa uyo.

Chinthu chimodzi chokha analumbira, kuti zonsezi zisamukhudze mwana wawo wamkazi. Mwanayo, yekhayo amene malemu mkazi wawo anawasiyira, anali atayamba kumene ntchito ya unamwino, ndipo mwezi ndi mwezi ankasunga kangachepe kuti akaphunzire uzamba. Akabwera kudzawaona pa tsiku lake lopuma, iwo ankasesa utuchi, kumuikira mpando wabwino umene unali pa malonda, n'kumamuuza kuti bizinesi ikuyenda kwabasi.

Nzeru yophatikiza ngongole inachokera kwa mnzawo wowotcherera zitsulo, wa shedi yoyandikana nayo, munthu wa pakamwa posatseka.

"Inu achimwene, mudzafa ndi mtima," anatero tsiku lina atakweza galasi lake lakuda pamphumi. "Kuli ofesi imene imagula ngongole zako zonse n'kuziphatikiza kukhala imodzi. M'malo mothamangitsidwa ndi agalu asanu, uzithamangitsidwa ndi mmodzi, koma wophunzira."

A Kalipentala anasita malaya awo a kutchalitchi n'kupita. Ofesiyo inali pamwamba pa sitolo ya nsapato, chipinda cha mipando yapulasitiki yomangiriridwa pamodzi, anthu ali duu, aliyense atakumbatira envulopu yake. Palibe amene ankayang'ana mnzake. Itakwana nthawi yawo anakhala moyang'anizana ndi mayi wina wa magalasi, amene anatenga chiphaso chawo, kugogoda pa kompyuta, kenako nkhope n'kugwa.

"Bambo, mbiri yanu ya ngongole siili bwino," anatero mayiyo. "Pano pakuoneka ziwiri, ya banki ndi ya pafoni. Zonse ziwiri munasiya kubweza kalekale."

"Koma mayi, kwa mwini matabwa ndabweza yoposa theka. Kwa mayi wa misomali kwatsala pang'ono. Lendi ya shedi ndimaperewera, koma sindinadumphepo mwezi. Afunseni, onsewo ali moyo."

"Ndikukukhulupirirani. Koma amenewo satilembera kuno. Amene amalemba ndi awa munawasiyawa."

A Kalipentala mutu unaima. Ndiye kuti thukuta lonse lija, njala yonse ija, masiku oyenda wapansi kuti mwini matabwa apite akumwetulira, zonsezo palibe pamene zinalembedwa. Pa kompyutapo panali munthu wina wosabweza, wa dzina lawo ndi tsiku lawo lobadwa. Zinawawawa zedi, mpaka anafuna kumufunsa mayiyo ngati makinawo anaonapo manja awo.

Anatchula zida zawo ngati chikole, macheka amagetsi ndi makina opalira matabwa. Mayiyo anati n'zakale kwambiri, sizingakwanire. Njira inali imodzi basi: apeze munthu wa pa ntchito ya malipiro apamwezi, wa dzina loyera, awasainire. Iwo akalephera kubweza, ofesi izidula ku malipiro a munthuyo.

"Mulibe mwana amene ali pa ntchito?"

"Ndilibe," anayankha msangamsanga, natenga envulopu yawo n'kutsika masitepe.

Anayesa kwina, ndisaname. Wowotcherera uja anaseka mpaka kugwira pamimba, ati malipiro ake apamwezi amalembedwa kumwamba. Mlamu wawo wa ntchito ya ukalaliki anawalandira bwino, kuwapatsa mpando, kenako n'kuwaonetsa pepala lake la malipiro, lodulidwadulidwa ngati nsalu ya telala, pansi patatsala ya sopo yokha. Ena ankangomva mawu oti "kusainira" n'kukumbukira kuti asiya madzi pamoto.

Ali mkati mozungulira choncho, banki inatopa ndi mauthenga n'kutumiza anthu. Anabwera awiri, a mataye, masana dzuwa likuswa mtengo, n'kuyamba kulemba zida za mu shedi chimodzichimodzi, ati akapanda kulipira mwezi uno adzabwera ndi lole. Tsoka ilo, linali tsiku lopuma la mwana wawo. Anawapeza bambo ake ataima pakona, hamala ili m'manja, akuonerera mlendo akuwerenga nambala ya makina awo opalira.

Anthuwo atachoka, mwanayo sanakhale pa mpando wabwino uja. Anakhala pa benchi ya utuchi.

"Ababa, ndiuzeni zonse. Musandibisire."

Anamuuza, maso ali pansi. Za ofesi ya pamwamba pa sitolo ya nsapato anafuna kudumpha, koma wowotcherera, amene makutu ake ankapyola malata, anaponya mawu ali kwake: "Muuzeninso za kusainira zija!" Munthu ameneyo Mulungu amukhululukire, ine zikundivuta.

"Ndikasaina," anatero mwanayo.

"Ayi amayi, zimenezo ayi. Ndalama zako n'za sukulu."

"Nanga akatenga makinawa mudya chiyani? Si ndidzakudyetsani ine ndemwe? Bola ndisaine, inu muzigwira ntchito n'kumabweza. Ine ndimakudziwani, ababa, simudya za munthu."

Mawu amenewo ndi amene anawagonjetsa. Anakana tsiku limenelo, anakananso mawa lake, koma lole inali m'njira, ndipo mkuja wake anakwera masitepe aja ali awiri. Mayi wa magalasi anawayang'ana a Kalipentala, kuyang'ananso mtsikana wa yunifolomu yoyera, koma za bodza lija sanatchule. Anangomufotokozera mwanayo mosapsatira, kuti chiwongoladzanja n'chokwera chifukwa cha mbiri ya bambo ake, kuti ngongoleyo itenga zaka, ndiponso kuti tsiku lobweza likadutsa sadzamuimbira foni kumupempha, adzangodula. Mwanayo anagwedeza mutu n'kusaina.

Ofesiyo inalipira banki, inalipira ya pafoni, inamaliza ya mwini matabwa ndi mayi wa misomali. Kwa miyezi ingapo a Kalipentala anapumako. Ankaimba mluzu popala matabwa, ndipo tsiku lobweza lisanafike ankakhala atapereka kale, risiti n'kuijambula kumutumizira mwana wawo. Iye ankayankha kuti, "Mwaonatu, ababa."

Kenako mvula inayamba, anthu anasiya kumanga, maoda anauma. Magetsi nawo ankazima tsiku lonse, makina ali chete. Kasitomala wina atabwera kufuna wadirobu yaikulu, a Kalipentala analibe thabwa ndi limodzi lomwe, ndiye anapita kwa mwini matabwa uja n'kutenga pa ngongole, ati n'za masiku ochepa. Wadirobu inatha, yokongola bwino, koma mwini wake anayamba nyimbo ya "mawa, mawa." Kumapeto kwa mwezi anali atatolera timaoda ting'onoting'ono, kukonza mipando yothyoka ndi zitseko zokhula pansi, mpaka ndalama ya ofesi ija inakwana ndendende. Anaikulunga mu pepala kuti akapereke m'mawa.

M'mawa mwakemo, akutsegula loko wa shedi, anamva kutsokomola kumbuyo kwawo. Mwini matabwa anali ataima pamenepo, manja kumbuyo, ndipo mayi wina wofuna tebulo anali atafika kale akudikira. Mwini matabwayo sanakalipe ayi. Anangoti, "Achimwene, nanenso ndili ndi ana," mokweza pang'ono kuti mayi uja amve.

Nthawi yomweyo foni inalira m'thumba, uthenga wokumbutsa kuti lero ndi tsiku lobweza. A Kalipentala ankadziwa bwino lomwe chimene chinali kuseri kwa uthengawo, sindingawanamizire kuti anaiwala. Koma munthu anali pakhomo, maso ake ali pa iwo, mayi wa tebulo naye akuyang'ana. Nkhope inawatentha. Dzanja linapita lokha m'thumba, pepala lija linatuluka, mwini matabwa anawerenga n'kuthokoza. Mumtima ankati wa wadirobu akalipira mawa, akathamangira ku ofesi zisanafike patali.

Wa wadirobu sanalipire. Patapita masiku owerengeka uthenga wina unafika, waufupi, wonena kuti ndalama ya mwezi uno yadulidwa kwa wowasainira, pamodzi ndi chindapusa cha kuchedwa. Anauwerenga ataimirira, kenako anakhala pa benchi. Anadikira kuti mwana wawo aimba kudzakalipa, ndipo akanakonda akanakalipa. Sanaimbe. Iwonso anatenga foni kangapo, kufika pa dzina lake, n'kuibwezanso. Anaganiza zoti ayambe apeza ndalamayo, kuti akamaimba akhale ndi chonena. Mwezi wotsatira mwini shedi ndiye anaima pakhomo, ndipo ofesi inadulanso.

Tsiku lina chakumasana, akumata miyendo ya tebulo, anakweza maso n'kumuona mwana wawo akubwera kumapeto kwa msewu, akulambalala zithaphwi, kachikwama kali m'manja. Anaonda, kapena mwina anali maso awo. Anaponya burashi ya guluu pansi n'kusuzumira kwa wowotcherera.

"Akandifunsa, munene kuti ndapita kukagula matabwa."

"Achimwene, ameneyo ndi mwana wanu."

"Chonde, ndapota nanu."

Analowa kuseri kwa wadirobu ija, imene mwini wake anali asanaitengebe, pakati pa iyo ndi malata, pamene ankasungirako zidutswa za matabwa. Munthu wamkulu, wa imvi zake, ananjuta pamenepo mu utuchi, akudzida yekha kuposa mmene anamudera kontirakitala uja.

Anamva nsapato zake zikulowa, n'kuima pafupi ndi tebulo. Anamva wowotcherera akuphika bodza lija. Guluu pa miyendo ya tebulo anali asanaume, burashi ili pansi, jekete yawo ili pa msomali. Namwino saphonya zinthu zotere.

"Chabwino, ankolo," anatero mwanayo, koma mawu ake sankaloza kwa wowotcherera, ankaloza mkati mwa shedi. "Muwapatse mankhwala awa, ndi a chifuwa, utuchiwu ukuwapweteka. Azimwa akadya. Muwauzenso kuti za uzamba zija ndaimitsa kaye, malo anga ndauza a kusukulu apatse wina. Asadandaule nazo."

A Kalipentala anatseka pakamwa ndi dzanja. Pakati pa iwo ndi mwana wawo panali thabwa limodzi lokha, koma sanaimirire.

Nsapato zija zinayenda kufika pakhomo, n'kuimanso.

"Ndiponso muwauze kuti sindinabwerere ndalama. Ndimangofuna kuwaona."

Wowotcherera anadikira mpaka mwanayo atakhota pa msewu waukulu, kenako anagogoda pa wadirobu n'kunena chapansipansi kuti wapita. A Kalipentala sanatuluke.