Malo Olirira

Chaka chimene ufa unayamba kugulidwa pamzere, sopo naye n'kusowa m'masitolo, Eneless anatopa nayo nyumba yake ya m'komboni ya Kalingalinga, mu Lusaka. Inali ya zipinda ziwiri, yomangidwa ndi mabuloko amene mwamuna wake Moven anaumba yekha masiku amene ankagwira ntchito kufakitale ya mabulangeti. Malata ake anali akale, otsindiridwa ndi miyala, ndipo pakhomo panali mtengo wa mango umene anaubzala atangobadwa Ida, mwana wawo woyamba. Fakitaleyo itachotsa antchito, Moven anatsalira maganyu, Eneless nayamba kuphwanya miyala m'mbali mwa msewu n'kumagulitsa kwa omanga nyumba.

Koma chimene chinamusokoneza mtima si miyalayo ayi. Unali ulendo umodzi wa kumayadi.

Kumeneko kunkakhala Maud, mnzake wa kumudzi ku Katete, kum'mawa kwa Zambia, amene anavinidwa naye limodzi chinamwali. Mwamuna wa Maud ankasamalira maluwa kwa bwana wina ku Kabulonga, ndipo anapatsidwa kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba yaikulu. Eneless atalowamo anangoti kakasi. Pansi panali simenti yofiira yopukutidwa mpaka kunyezimira. Kudenga kunali babu. Mpopi unali pakhomo penipeni, wopanda mzere, wopanda wokankhana naye. Maud pomupatsa tiyi, Eneless anaona manja a mnzakeyo ali see, iye n'kubisa ake ong'ambikawo m'chitenje.

"Iwe Maud, uli ku Ulaya!" anatero Eneless, n'kuseka mokweza monga mwa chizolowezi chake.

"Shii, osakweza mawu," Maud ananong'oneza. "Ba madamu bagona."

Eneless anachita manyazi, poganiza kuti ndimo amayankhulira anthu otsogola. Kuseri kwa chitseko kunali amayi a Maud, amene anabwera kuchokera kumudzi kudzalandira mankhwala a chifuwa. Kunja kunali kadzuwa kabwino, koma gogoyo anali khale m'kati, atatseka pakamwa ndi nsalu akamatsokomola. Eneless sanadabwe. M'nyumba yokongola chotero, anaganiza, munthu akafunenso chiyani panja?

Pomuperekeza, Maud anamuuza kuti kuyadi yoyandikana nayo akufuna munthu wa maluwa, koma woti azigona pompo. Kanyumba kaliponso, kofanana ndi kake.

Kuyambira tsiku limenelo Moven sanaone mtendere.

"Batate ba Ida, mufuna nifele pa myala? Kuja manzi yali pakhomo, malaiti yaliko. Ba Mutale bafuna nyumba ino bapange taveni. Tigulise, tiyende."

"Bamake Ida, mabuloko aya ninaumba na manja yanga."

"Manje tizadya mabuloko?"

Moven ankangoyang'ana mtengo wa mango. Kuisiya nyumba yopanda munthu sikukanatheka, pakuti masiku amenewo akuba ankazula ndi mafelemu omwe. Tsiku lina atabwerako chimanjamanja kofuna ganyu, anakhala pansi navula nsapato, nati: "Chabwino. Ba Mutale bakabwela pa Loweruka, imwe ndimwe muzabayankha. Ine pakamwa panga sipangakwanise."

Eneless anasangalala. M'maganizo mwake anali atapukuta kale simenti yofiira.

Loweruka lisanafike, m'mawa wina ali pa mulu wake wa miyala, nyundo ili m'manja, anaona Maud akubwera wapansi. Anali atavala duku lopendekeka ndi mapatapata osiyana. Maso ake anali ofiira koma ouma.

"Amama batisiya," anatero Maud motsitsa mawu, ngati kuti madamu ali pafupi. "Ku chipatala, dzulo."

Eneless anaponya nyundo. "Mayo ine! Nanga banthu basonkhana? Tiye, nitenge chabe chitenje china."

"Kulibe kosonkhana."

"Ati bwanji?"

"Ba madamu bakana. Si boipa mtima iyayi, banipasa na shuga, nao balilako pang'ono. Koma bakuti nyumba ni ya kampani, ba bwana bangachosedwe nchito banthu ba mukomboni bakachuluka pa yadi. Na amama benze kunkhala mobisika, ba madamu sibenze kuziba kuti baliko. Eneless, nikalibe kulila. Nalilila chabe mu pilo."

Apo m'pamene Eneless anakumbukira gogo uja ali kuseri kwa chitseko, akutsokomolera m'nsalu, dzuwa likuwala panja. Kwawo munthu akamwalira, mwana wake wamkazi amalira mpaka midzi yoyandikana imve, anthu n'kubwera kudzamugwira. Mayi wobereka ana, wolima minda, angapite bwanji kumanda ali zii ngati wakuba?

Komabe anazengereza pang'ono. Chikhalireni sanamuitanepo Maud kunyumba kwake, chifukwa cha manyazi ndi malata a dzimbiri aja, ndi chimbudzi chotchingidwa ndi masaka. Koma manyaziwo anawaika pambali.

"Tiye kwathu," anatero. "Malilo yazankhala pa nyumba panga."

Moven atamva anavula shati nayamba kutulutsa katundu monga mwa mwambo: tebulo, mipando, kabati, ngakhale bedi, zonse anaziika kuseri kwa nyumba. Eneless anayala mphasa ndi masaka pansi. Nyumba imene ankaiona yopanikiza ija inaoneka yaikulu modabwitsa.

Maud anaima pamsewu, akuyang'ana khomo. Eneless anamugwira m'chiuno nayambitsa yekha: "Amama ine! Amama mwatisiya!" Maud anatsegula pakamwa, koma poyamba panangotuluka kamawu kakang'ono, ka munthu wozolowera kunong'ona. Kenaka china chake chinamasuka m'chifuwa mwake. Analira mfuu imene inadutsa madenga onse mpaka kumpopi, amayi amene anali pamzere n'kusiya zidebe zawo.

Anabwera. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankawadziwa malemuwo, koma anabwera, aliyense akuyamba kulira akadali pamsewu. Amayi ophwanya miyala anafika fumbi lili m'nsidze. Amayi a Chigwirizano anafika ndi nyimbo zawo. Wina anabweretsa kambale ka ufa umene anauimira pamzere dzuwa lonse, wina kapenta wa m'kapepala, wina makala a m'chitini. Abambo anakoka lona pamtengo wa mango nakhala pansi pake, pamodzi ndi mwamuna wa Maud, amene anafika mochedwa chifukwa anayamba wathirira maluwa. M'kati amayi anadzazana mpaka miyendo kusanjikizana, Maud ali pakati, mutu wake uli pamiyendo ya Eneless.

Loweruka m'mawa Ba Mutale anatulukira ndi chingwe choyezera zipinda. Ataona lona ndi utsi, anapinda chingwecho nachiika m'thumba. Iwo anali Mbemba, ndipo pamaliro a anthu a kum'mawa Mbemba ndi mbuya: ntchito yake ndi kutumikira, kunyoza ndi kuseketsa ofedwa kuti mtima upepuke.

"Imwe ba kum'mawa!" anafuula. "Nimakuuzani lyonse, lekani kudya mbeba! Onani manje!"

"Chokani apa, ba kudya kolwe!" anayankha mayi wina m'nyumba powanena za kudya anyani, anthu n'kuphulika kuseka.

Mwambo umati mbuya apake ofedwa ufa kumaso, koma chaka chimenecho ufa unali wosaseweretsa. Ba Mutale anatapa phulusa lozizira pambaula napaka Moven pachipumi. "Unga wadula, mbuya. Lelo ni milota chabe." Maud, maso ali otupa, anaseka mpaka kutsokomola. Eneless anali asanamve kuseka kumeneko chichokereni ku Katete. Ndi Ba Mutale omwewo amene anakapeza lole yonyamula anthu kupita kumanda.

Atabwerako koika maliro, anthu atasamba m'manja pakhomo, Maud anakhala ndi Eneless pakhonde. Anasisita khoma la mabuloko osapaka pulasitala lija ndi dzanja lake losalala.

"Uli na mwayi iwe," anatero. "Ungaseke, ungalile, ungaitane mulendo. Ida angasewele mpila pakhomo. Ine bana banga bali kumunzi, ba madamu sibafuna phokoso."

Eneless anayang'ana manja ake, ndipo ulendo uno sanawabise.

Ba Mutale anasendera pafupi, atagwira chipewa. "Bamake Ida, si siku yokambilapo, koma paja tinapangana. Nibwele liti na nthambo yanga?"

Pansi pa mango, Moven anaweramitsa mutu, phulusa likadali pachipumi. Eneless anadziwa bwino chimene akutaya. Kuyadi kuja sakanadikira. Ntchito ikanapita kwa wina, mpopi uja ndi babu lija n'kupita nazo. Mawa lake kunali kubwerera ku nyundo.

"Ba Mutale, mutikhululukile," anatero. "Nyumba sitigulisa."

"Ah! Mwasintha? Ndiye vuto ya ba kum'mawa iyi."

"Mukafa imwe, tizakulililani kuti? Mu taveni?"

Ba Mutale anaseka mpaka kugwira m'mimba, napita akupukusa mutu. Moven anangonyamuka n'kuyamba kulowetsa katundu, ndipo pofika pa bedi anaitana: "Bamake Ida, gwilani uko." Analinyamula awiri, likuwakanika pakhomo monga linkachitira nthawi zonse.

Ntchito ya kumayadi inapitadi kwa munthu wina. Ufa sunatsike mtengo, ndipo mzere wa kumpopi sunafupike. Masiku ena, chidebe chili pamutu, thukuta likuyenderera, Eneless ankaukumbukirabe mpopi wa Maud, mtima n'kumuwawa pang'ono. Koma Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi, Maud ankabwera wapansi kuchokera ku Kabulonga, n'kuvula nsapato, n'kukhala tambalale pansi pa mango. Ankayamba kuyankhula monong'ona, mpaka Eneless amugunde ndi chigongono.

"Iwe, kweza mawu. Ba madamu ba pano ndine."