Tsiku Limene Mthuthuthu Unalira

Sadaka ya malemu Kulusumu itatha, mphasa zitapindidwa, alendo atabalalika, a Zubairu anaitanira mlamu wawo, Che Sidik, kuseri kwa nkhokwe.

Che Sidik anali mkamwini pamudzipo. Kwawo kunali ku Rivirivi, koma anabwera kuno ku Chiuta ali mnyamata kudzagula matemba, maso n'kugwera pa Kulusumu, basi osabwereranso. Nyumba anaimanga ndi manja awo, mango onse apabwalo anadzala ndi iwo. Koma mwana Mulungu sanawapatse, ndiye mkazi atapita panalibe chowagwira mwendo.

"Alamu, mwambo mukuudziwa," anatero a Zubairu, maso ali pansi. "Chemwali anga apita. Ife takusudzulani ndi mtima woyera. Nyumbayi alowamo Habiba, mwana wa chemwali athu aang'ono. Iye ndi mwamuna wake akupanikizana m'khitchini mwa mayi ake."

Che Sidik anacheukira nyumba yawo. Apite kuti? Ku Rivirivi makolo anatha, alongo awo anatha, otsala ndi ana ongowadziwa dzina. Ndipo manda a Kulusumu ali kuno.

"Ndamva, alamu. Koma mthuthuthu wanga uja ndiusiya bwanji? Suyenda."

"Chitsulo chija? Chimene nkhuku zimaikirapo mazira?" A Zubairu anaseka pang'ono, kenako anachita manyazi. "Chabwino. Ukadzalira mudzapite. Ife si zilombo iyayi."

Mawu amenewo Che Sidik anawagwira ndi manja awiri. Ukadzalira! Ndiye kuti usanalire, iwo ndi apamudzi pano.

Mthuthuthuwo unali wakalekale, wa thanki yozungulira, umene anagula kwa mlangizi wa thonje wopuma ntchito. Unawayendetsa ndi Kulusumu m'zipatala ndi kwa asing'anga onse, ku Ntaja, ku Liwonde, mpaka kutsidya ku Mozambiki, kufuna mwana. Mayiyo ankakhala cham'mbali, ali gwa kugwira malaya a mwamuna wake. Pachigwembe chilichonse Che Sidik ankati, "Gwiritsani!" Iye n'kuyankha, "Ndagwira kale, inu yang'anani kutsogolo." Atasiya kufuna mwana, mthuthuthu nawo unafa, n'kuutsamiritsa pakhonde.

Maganizo a Che Sidik anali oti azingougwiragwira kuti anthu aziona ngati akukonza. Koma abale, munthu wokhala yekha m'nyumba nthawi aitaya bwanji? Moni wa anthu unali utafupika. Amene kale ankakhala pakhonde n'kumasenda mtedza, tsopano ankangokweza dzanja ali kumsewu. Chimene chinkawadikira m'mawa uliwonse chinali chitsulo chomwecho, ndiye anayamba kuchikonza zenizeni.

Ndalama analibe, koma nzeru za umphawi anali nazo. M'thanki anathiramo timiyala ndi palafini, n'kumaikhutchumula mpaka dzimbiri lonse litatuluka ngati phala la mawere. Gasiketi anadula pakatoni ya sopo. Chingwe cha kilatchi anachotsa pabuleki ya njinga yakapalasa. Kabuleta anaimasula kachidutswakachidutswa pathaulo, n'kumatsuka timabowo ndi kawaya kochokera kuburashi. Ekizozi inali itabooka ngati sefa, ndiye anaikulunga ndi chitini cha mafuta ophikira n'kumanga ndi waya.

Maring'i a pisitoni ndiwo anavuta. Anyamata a kabaza ku Ngokwe, aja a njinga zonyezimira zokutidwa ndi mapulasitiki, anawaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Agogo, zimenezo anasiya kupanga inu muli mnyamata! Kagulitseni pasikelo kwa ogula zitsulo."

Asa! Ana osadziwa n'komwe kumanga tcheni. Che Sidik anangotembenuka n'kuchoka. Anapita ku Ntaja kwa a Usumani, makaniko wokalamba amene kuseri kwa shedi yake kunali mulu wa njinga zakufa. Anafukula muluwo tsiku lonse, n'kupeza injini ya mtundu womwewo. Kwa a Usumani anasiya tambala wawo wofiira ngati malipiro, iwo n'kubwera ndi maring'i m'thumba la mkanjo.

Chomaliza chinali mpando. Wakutsogolo unali bwinobwino, wakumbuyo ndiwo makoswe anaudya. Munthu wopita yekha mpando wakumbuyo aufuniranji? Koma anaukonza. Anadula siponji kumatiresi, mbali ija ankagona Kulusumu, anaikuta ndi chubu chakale, n'kusoka ndi ulusi wa ukonde. Anawongolanso tizitsulo topondapo wokwera kumbuyo. Akusoka ankalankhula okha, akuitana Kulusumu monga ankamuitanira ali moyo.

"Uwu ndiye wofewa, Abiti. Simudandaulanso msana."

Ntchito inatha mango akuyamba kupsa. Mthuthuthu unaima pakhonde uli mbee, mafuta ali m'thanki. Apo ndiye mantha anawagwira. Anamasula pulagi n'kuiponya m'thumba.

"Mthuthuthu ukuti bwanji, alamu?" ankafunsa a Zubairu akamadutsa.

"Moto kulibe, alamu. Tikuyesabe."

Bodzalo linkawawawa mumtima, makamaka akaona Habiba akuchokera kumjigo, mimba ili patsogolo, akuwerama kulowa m'kakhitchini kaja. Mtsikanayo sanawanenepo kanthu. Ankawapatsa moni atagwada monga kale, ndipo zimenezo ndiye zinkapweteka kwambiri.

Koma chinawagonjetsa si chisoni cha Habiba iyayi. Chinali chilakolako. Ankafuna kuumva. Kamodzi kokha! Mawu a Kulusumu anali atayamba kuwathawa m'makutu, ndipo ankaona ngati injini ija ikalira, nawo abwerera.

Ndiye anapangana ndi mtima wawo. Lachisanu masana amuna onse amakhala mumzikiti, amayi ambiri nawonso. Pamudzi pamatsala mbuzi. Iwo ajomba pemphero la Juma kamodzi, Mulungu awakhululukira, akankhira njinga kumanda, ailiza pang'ono, n'kubwerera anthu asanatuluke.

Anachitadi zomwezo. Anaukankha mthuthuthuwo m'kanjira ka m'chinangwa, thukuta lili kamukamu, mpaka pamtengo wa mtondo m'mphepete mwa manda. Anabwezera pulagi. Anatsegula mafuta. "Bisimila," anatero, n'kuponda kiki.

Kachiwiri sanaponde. Unalira!

Thu-thu-thu-thu! Utsi wabuluu unati tolo, hendulo ikunjenjemera m'manja. Che Sidik anaseka mokweza, koyamba chimwalirireni mkazi wawo, misozi ili chuchuchu. Anapotokola mafuta, chitini cha paekizozi chinathothoka, phokoso linang'amba dambo lonse mpaka akakowa anauluka m'minda ya mpunga.

"Mukumva, Abiti? Mukumva?"

Koma inu, munthu wopemphera chikhalire anaiwala bwanji? Pasabata yonse palibe nthawi imene mudzi umakhala chete ngati pamene shehe ali pa ulaliki wa Lachisanu. Palibe wosinja, palibe wayilesi, ngakhale wotsokomola amadzigwira. Ndipo pamzere wakutsogolo, malo a Che Sidik anali pululu, aliyense akuwaona.

Atazimitsa injini, chete amene anatsatira anawauza zonse. Anakhala pansi patsinde la mtondo, osathawa, osachotsanso pulagi. Patapita kanthawi anaona mikanjo yoyera ikubwera m'kanjira kaja, a Zubairu ali patsogolo.

"Shehe anachita kuima pakati pa mawu," anatero a Zubairu. Anauzungulira mthuthuthu, anagwira mpando wakumbuyo, anausindikiza ndi chala. Kenako anayang'ana mulu wa dothi la chemwali awo. "Mwaukonza bwino, alamu."

"Walira," anatero Che Sidik.

"Tamva."

Palibe anawakalipira za Juma. Palibenso anati khalani. Che Sidik anayang'ana nkhope imodziimodzi, anthu amene anakumba nawo manda, amene anaphera nawo nsomba, ndipo aliyense anapeza choyang'ana pansi.

Ananyamuka m'mawa mwake. Katundu anali wochepa: zovala, mkeka wopempherera, ketulo, masipanala. Habiba anabwera ndi chingwe kuti awathandize kumanga pampando wakumbuyo.

"Iyayi mwanangu, apo ayi."

Anamanga mtolo pathanki, wina anaubereka kumsana ngati mwana. Habiba anawapatsa mango m'kapepala, akulira mosabisa. Iwo anamuuza kuti denga limadontha pakona ya kumadzulo, auze mwamuna wake mvula isanagwe. Makiyi anasiya pachitseko.

Pamanda sanaime. Anangochepetsa liwiro, n'kuliza hutala kamodzi.

Msewu wa ku Ngokwe unali wafumbi, dzuwa likuwawomba kumsana. Anyamata a kabaza aja anaimirira pasiteji, kukamwa kuli yasa, wina mpaka anaimba m'manja. Che Sidik sanawaone n'komwe. Injini inkakoka bwino, bwino kwambiri, ikuwachotsa msangamsanga kumene sankafuna kuchoka.

Atadutsa sitolo yomaliza, anafika pachigwembe chija madzi amadula msewu chaka chilichonse. Phazi linatsika lokha pabuleki, thupi linawerama, pakamwa panatseguka pokha.

"Gwiritsani!"

Anadikira. Tayala lakutsogolo linalowa, lakumbuyo linatsatira, mpando unadumpha wopanda kanthu. Malaya awo ankangouluka ndi mphepo, popanda wowagwira.

Anayang'ana kutsogolo, monga Kulusumu ankawauzira.