Kompyuta ya M'pulasitiki

Pafakitale ina ku Kafue panali makompyuta awiri oyendetsera mapampu, kuti imodzi ikafa, inayo ipitirize ntchito pompopompo. Koma amanijala, Ba Ferdinand, ankaikonda yachiwiriyo ngati sofa yatsopano. Anaikuta ndi pulasitiki, n'kumangoonetsa alendo ochokera ku Lusaka.

Martina, injiniya wa pamalopo, ankati akapempha kuti aiyeseko, yankho linali lomwelomwelo: "Iwe, ufuna ikalambe?"

Lachitatu lina masana yoyamba ija inazima, mapampu onse zii. Martina anang'amba pulasitiki ija, natsegula bokosi la kompyuta yachiwiriyo. Munatuluka khoswe wonenepa bwino, ana ake ali pambuyo. Mawaya onse anali atadyedwa kalekale.

"Osadandaula, ba manijala," anatero Martina uku akusasa m'manja. "Ikali nyowani. Sinasebenzepo olo kamodzi."